Bambo akatisiya, maliro ake ndi a yani?

Ukamayenda pamsewu wa ku Mchinji, kuchokera mumzinda wa Lilongwe kudzera pa Mpingu mpaka pa Namitete, kapena ukakhotera kumpoto kulowera ku Nsaru kwa Kabudula, maso amangoona minda yokhayokha. Mitengo inatha kalekale. Ina inamangira zigafa za fodya, ina inawotchera njerwa. Koma apa ndi apo pamaoneka kankhalango kowirira kataima pakati pa mizere, ndipo ngakhale mwana wa sitandade 1 amadziwa kuti pamenepo ndi pamanda. Nkhwangwa siifikapo popanda chilolezo cha mfumu. Anthu osunga malo a akufa motere sangakhale otenga imfa mwachibwana. Mwambo wa maliro kuno ngwautali, gawo lililonse lili ndi eni ake, ndipo munthu amauphunzira pokhala nawo, osati m'kalasi. Komabe pali funso limodzi limene mwambowu ukuvutika kuliyankha masiku ano, ndipo limabuka pafupifupi pa maliro a bambo aliyense wosiya ana akuluakulu: kodi malemuwa eni ake ndani?

Munthu wa ku Mzimba kapena ku Nsanje, kumene amalowola, angadabwe nalo funsoli, chifukwa kwawoko mwana ndi wa bambo ake basi. Kwa Achewa si choncho. Mwamuna amakhala ndi midzi iwiri. Kumudzi kwa mkazi wake, ngati ali pa chikamwini, ndi mlendo wolemekezeka: amalima munda wa apongozi, amabereka ana, koma anawo ndi a mbumba ya mkaziyo, ndipo akalakwa mlandu wawo amaukamba ndi atsibweni awo. Kwawo kwenikweni, kumene kuli alongo ake, mwamuna yemweyo ndiye mwinimbumba, nkhoswe ya maukwati a ana a alongo akewo, woweruza za minda ndi za matenda. Akuluakulu ankati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Akamwalira, thupi linkanyamulidwa kukaikidwa kwawo, pafupi ndi amayi ake ndi agogo ake. Ana obereka yekha ankafika pamaliropo kudzalira, osati kudzalamula. Ufumu ndi dzina zinkapita kwa mwana wa mlongo. Nchifukwa chake Kamuzu Banda, Mchewa wa ku Kasungu, pofuna kuonetsa kuti amayi onse a m'dziko muno ali m'manja mwake, anadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, amayiwo nkuwatcha mbumba yake. Ankadziwa mpando umene unali ndi mphamvu pamudzi.

Zinthu sizinaime pamenepo. Katswiri wa mbiri yakale Kings Phiri analemba mu 1983 za mmene banja la Achewa lasinthira kuyambira m'zaka za m'ma 1800, ndipo mwa zifukwa zina anatchula kubwera kwa Angoni, malonda a akapolo, mamishoni ndi ulimi wa mbewu zogulitsa. Kuno kumadzulo kwa Lilongwe chomalizachi ndicho choonekeratu. M'zaka za m'ma 1920 mzungu wina, A. F. Barron, atakhazikika pa Mbabzi, anayamba kulimitsa anthu fodya wa chikopa nkumawagula, ndipo mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board. Dzina lolembedwa m'kaundula wa alimi linkakhala la mwamuna, ndalama nayo inkalowa m'thumba mwake. Mwamuna wogwira ndalama sanafunenso kumanga nyumba yabwino pamalo pomwe angapirikitsidwe ukwati ukatha, choncho ambiri anayamba kupempha chitengwa, kutengera mkazi ndi ana kwawo. Ena anapita ku Halale ndi ku Joni, nkumabwerako ndi njinga, wailesi ndi fizi ya ana, mpaka Kamuzu ataletsa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi. Mipingo nayo inkaphunzitsa kuti mutu wa banja ndi mwamuna. Lero mwana wa pa Nsaru ukamufunsa amene anamulipirira sukulu, kawirikawiri atchula bambo ake, osati atsibweni. Dzina limene lili pa chiphaso chake cha unzika ndi la bambo. Mtima wa ana unasamukira kwa bambo, ndalama zinasamukira komweko, koma mwambo wa maliro sunasamuke nawo wonse. Pagona nkhani ndi pamenepo.

Tiutsate mwambowo mmene umayendera. Munthu akatsirizika, choyamba si kulira ayi, ndi kuuza mfumu. Kale ankapita ndi nkhuku, lero ena amapereka kandalama. Mfumu ikamva ndi pamene amayi amayamba kubuma, anyamata nkuthamangira kumidzi yoyandikana kukanena kuti kwagwa zovuta, wina nkukaika masamba pamsewu kuti wa njinga atsike, wa galimoto achepetse liwiro, wa chipewa avule. Wailesi ya MBC inkafikitsa mauthenga achisoni kwa achibale a ku Kasungu kapena ku Blantyre. Lero ntchitoyo yatengedwa ndi WhatsApp, ndipo si zachilendo mwana ali ku Johannesburg kumva za imfa ya bambo ake pa Facebook akuluakulu asanamuimbire. Kumeneko ndi kulakwa, ndipo achangu pa zoika zithunzi azidzigwira.

Thupi limagona m'nyumba ya siwa amayi atalizungulira, abambo ali panja pamoto. Koma ogwira ntchito yeniyeni ndi adzukulu, ndipo awa ngofunika kuwayang'anitsitsa. Si ofedwa ayi. Ndi anthu amene pali nawo pangano losalembedwa lakuti ife tikaferedwa mubwere, inu mukaferedwa tibwera. M'bandakucha amalawira kumanda ndi makasu, mapiki ndi mafosholo, mfumu kapena nduna yake nkuwalozera malo. Dothi la katondo likauma m'chilimwe silichita masewera, moti amalandizana piki mmodzimmodzi, wina akutuluka thukuta lili kamukamu, wina akulowa. Dzenje likafika poyenera, pa maliro otsata mwambo wakale amakumbanso kachipinda cham'mbali kotchedwa mudzi, kuti dothi lisagwere pathupi. Ndipo nthawi yonseyi akuseka. Amanyoza malemu kuti anali womana fodya, amatsanzira kayendedwe kake akachokera kumowa, amaopseza kuti sakwirira ngati nsima ichedwa. Kumudzi nako, mayi wa chidzukulu atha kuvala jekete la malemu nkuyamba kukalipira ana ndi mawu ake enieni, mpaka wamasiye amene wagona akulira nkumwetulira mosafuna. Mlendo angayese chipongwe. Koma pa anthu onse osonkhana pamaliropo, awa okha ndi amene amanena za bamboyo monga analili, munthu wa zophophonya zake, wokondedwa nazo zomwezo. Ena onse amalankhula za mngelo.

Dzuwa likafika pamutu zolankhula zimayamba. Woyendetsa mwambo amawerenga chipepeso: mudzi wakuti ufa ndowa zakuti, mpingo wakuti ndalama zakuti, anzake a kuntchito kwa mwana wachisamba zakuti. Amaimirira woimira kuchimuna, woimira kuchikazi, nyakwawa, gulupu, mwinanso Gogo Chalo Kalolo kapena Kabudula ngati malemu anali munthu wodziwika, ndipo chikakhala chaka cha chisankho phungu ndi opikisana naye sasowa. Mbiri ya malemu imawerengedwa mothamanga: anabadwa chaka chakuti, anakwatira chaka chakuti, asiya ana angati ndi zidzukulu zingati. Ana enieniwo amaitanidwa poona nkhope ndi poika nkhata, basi.

Izi zimandiwawa ndikaganiza za amene amakhala pambali pa bedi. Chipatala cha St Gabriel's pa Namitete, chimene masisitere a Chikarmeli ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959, chimadziwika ndi chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika, kuchipatala konko ndi kumidzi komwe. Mukapite kumalo ophikira odikirira matenda, kumeneko kapena pa chipatala cha Kabudula, mukaone amene akukoleza moto. Nthawi zambiri ndi mkazi wa wodwalayo ndi mwana wake wamkazi, mwana wamwamuna ali kalikiliki kusaka ndalama ya thiransipoti ndi mankhwala. Ndi iwo amene amatembenuza bambo pabedi, kuwamwetsa phala, kumva mawu awo omaliza. Tsiku loika, iwo omwewo ali chete m'siwa, pamene wachibale amene sanapondeko kuchipatala ali pa chimkuzamawu kufotokoza mmene matenda anayendera. Si achibale onse otero, alipo amene amagulitsa mbuzi zawo kuti m'bale wawo achire. Koma dongosolo lenilenilo silinapatse ana malo olankhulira, chifukwa linapangidwa nthawi imene bambo sanali wa ana.

Mkangano wina ndi wa mzimu. Dera lino ndi kwawo kwa Gule Wamkulu, komanso ndi dera la mipingo yakale. A Dutch Reformed anafika pa Mvera mu 1889 ndi pa Nkhoma mu 1896. Ansembe a White Fathers anatsegula Likuni ndi Kachebere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, maparishi ngati Nambuma ndi Namitete nkudza pambuyo. Ian Linden, m'buku lake la 1974, anafotokoza mmene nyau ndi mamishoni a Katolika analimbanirana m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, makamaka polimbirana anyamata: apite kusukulu kapena kudambwe? Kusukulu mkanganowo unazirala. Pamaliro sunathe.

Bambo amene anagula njira, ndiye kuti analowa gule, akamwalira, anzake akudambwe amati ndi wathu. Ng'oma zimalira usiku, zilombo zimatuluka, ndipo pakati pa izo pali Kasiyamaliro, chilombo chachikulu cha nyanga chimene ntchito yake ndi kuperekeza wakufa. Ikakhala mfumu ya mzinda, ngakhale Njovu imabwera. Zambiri za kumeneko sizikambidwa m'magazini, ndipo sitizikamba. Chokwanira kudziwa nchakuti kwa eni ake gule si chisangalalo chabe, ndi makolo amene abwera kudzatenga mnzawo. UNESCO inazindikira Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo wansembe wa Katolika, Claude Boucher Chisale, anatha zaka zambiri akusunga mbiri ya magule mazanamazana ku Kungoni, malo amene anawayambitsa pa Mua mu 1976. Koma pamudzi, UNESCO siithetsa nkhani. Ana a bamboyo mwina ndi a kwaya, mkazi wake ndi wa Chigwirizano ku CCAP ya Sinodi ya Nkhoma kapena wa mphakati ku Katolika. Mpingo suimba pamaliro pomwe pali gule, ndipo mkhristu wopezeka akutenga nawo mbali amaitanidwa ndi akulu a mpingo. Zimachitikanso mosemphana: bambo anabatizidwa atakalamba, mwina ali gone pabedi, ndipo akudambwe sakuvomera kuti anawasiya. Mabanja ambiri anapeza njira yawo mwakachetechete. Mpingo umaika maliro, gule nkudzavina pa mwambo wa pambuyo, kapena ana achikhristu amalira m'siwa nkutsalira ng'oma zikayamba ulendo wa kumanda. Si dongosolo lolembedwa, koma lapulumutsa maubale ambiri. Pamene zimafika pokanganirana bokosi, nthawi zambiri nkuti mwini wake sananene chilichonse chomveka ali moyo.

Chimene ndimachiona kuti ndi nzeru yaikulu pa mwambo wonsewu ndi kagawidwe ka nthawi. Makolo sankayesa kumaliza zonse tsiku limodzi. M'mawa mwake mwa tsiku loika kuli kusesa. Pakapita masiku ochepa kuli kumeta koyamba, pamene ofedwa amametedwa tsitsi ndipo mudzi umamasuka ku zoletsa za maliro, monga kudika kwa anthu apabanja kumene akuluakulu ankaopa nako mdulo. Kenaka pamadutsa miyezi, kawirikawiri mpaka anthu atakolola, ndipo pamabwera kumeta kachiwiri, kumene ena amati mpalo, ena bona. J. W. M. van Breugel, wansembe amene anafufuza chipembedzo cha makolo a Achewa m'chigawo chapakati, anafotokoza kuti pakati pa kumeta kuwiriku anthu amakhulupirira kuti mzimu ukadali pafupi ndi mudzi, sunakhazikike, ndipo mwambo wachiwiriwo ndi umene umaulowetsa m'gulu la makolo. Tsiku limenelo ndi la masese, thobwa, nyama ndi gule. Misozi inatha, tsopano ndi kukumbukira ndi kusangalala. Wamasiye naye amasudzulidwa, kupatsidwa ufulu wobwerera kwawo kapena wokwatiwanso. Chokolo, chimene kale chinkasunga mkazi m'banja la mwamuna wake, chinachepa kwambiri Edzi itafika, ndipo ochilira ndi ochepa.

Amene anaferedwapo bambo amadziwa chifukwa chake nthawi imeneyi ili yofunika. Sabata yoyamba mutu sugwira. Uli yakaliyakali ndi bokosi, galimoto, ufa ndi alendo. Chisoni chenicheni chimabwera anthu atabalalika, mvula yoyamba ikagwa ndipo palibe wofunsa ngati mbewu yagulidwa, kapena poona njinga yawo itatsamira khoma matayala ataphwa. Ena, makamaka anyamata amene pamaliro anauzidwa kuti alimbe mtima ngati amuna, amadzalira okha kumunda patapita miyezi. Kuuza munthu wotere pa tsiku loika kuti asalire koma akondwerere moyo wa malemu, monga ayamba kunenera ena m'tauni, ndi kumuthamangitsa. Mwambo unkamupatsa dzinja lonse kuti alire, nkudzamuitanira kuphwando m'chilimwe.

Lero mwambo wachiwiriwo kwa ambiri ndi chiliza. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, ndalama za fodya wa ku Kanengo, za soya ndi za mtedza zitalowa, Loweruka silidutsa popanda mudzi wina kuvundukula chiliza. Manda amalambulidwa bwinobwino. Mmisiri anamanga kale ndi njerwa ndi simenti, ena amamata matailosi, opeza bwino amagula mwala wakuda wozokotedwa mutauni. Chilizacho chimakutidwa ndi nsalu yoyera, m'busa kapena katekisiti nkupemphera, mwana wachisamba nkuchotsa nsaluyo, wina nkuwerenga mokweza zolembedwapo: dzina, tsiku lobadwa limene nthawi zina ndi longoyerekeza, tsiku lomwalira, ndi vesi. Kumudzi mapoto a mpunga ali pamafuwa, mbuzi zaphedwa, ena avala nsalu kapena malaya osindikizidwa nkhope ya malemu. Apa ndi pamene ana amakhala eni mwambo, chifukwa simenti agula ndi iwo. Apanso ndi pamene nkhani zenizeni za bambo zimatuluka: mmene anapalasira njinga usiku kupita ndi mwana wodwala ku Namitete, mmene ankawerengera ndalama za fodya atatseka chitseko, mbama imene aliyense akuikumbukira mpaka lero. Mkhristu amene sangapite ku bona amafika pachiliza mtima uli m'malo, ndipo wa gule amachiona ngati bona yemweyo. Ndi boma lomwe linatsata njira imeneyi: Kamuzu anamwalira pa 25 Novembala 1997, chiliza chake mumzinda wa Lilongwe nkudzatsegulidwa mu 2006.

Palinso chikumbutso china chosafuna simenti. Mwana wamwamuna akabadwa pambuyo pa malirowo amapatsidwa dzina la agogo ake, ndipo mumva mayi wamkulu akunyamula khandalo nkumalitchula kuti atate, kulifunsa ngati lagona bwino. Dziko lathu lili ndi tchuthi cha anakubala pa 15 Okutobala, koma abambo alibe tsiku lotere. Kumudzi sanalidikire. Anali kale ndi njira zawo.

Chiliza nacho chili ndi matenda ake, ndipo matendawo ndi mpikisano. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, mafuta a galimoto ndi mpunga zonse zinakwera, koma manyazi a pamudzi satsika mtengo. Banja limaona chimene anamanga a khomo loyandikana nkufuna kuposa pamenepo. Nzomvetsa chisoni kuona chiliza cha matailosi pomwe wamasiye akugona m'nyumba yodontha, kapena bambo amene ankasowa womugulira shuga ali moyo akuphedwera ng'ombe atapita.

Tsiku loika nalo lakwera mtengo. Maliro a kumudzi amayendera ufa wa khomo lililonse, nkhuni za amayi, mphamvu za adzukulu ndi chipepeso, chimene lero chimafika ngakhale pa Airtel Money ndi Mpamba. Zimenezi zikugwirabe ntchito. Zowonjezera ndi kasiketi m'malo mwa bokosi la mmisiri wa pamsika, tenti, zimkuzamawu, ndi kusunga thupi kumotchale podikira wa kutali. Bambo akafera ku South Africa, kubweretsa thupi pagalimoto kudzera ku Zimbabwe ndi ku Mozambique kumadya ndalama imene banja silingaipeze lokha, nchifukwa chake Amalawi a kumeneko anapanga magulu osonkherana. Mu 2020 matenda a Covid-19 atafika, boma linalamula kuti pamaliro pasapitirire anthu 50. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700, anachititsa kuti omwalira nawo aziikidwa msanga moyang'aniridwa ndi azaumoyo, ndipo m'madera ambiri kuphika pamaliro kunaletsedwa. Zinali zowawa, makamaka kwa ana amene sanaone nkhope ya bambo awo. Koma zinaonetsa kuti kuika munthu mwaulemu sikufuna ngongole ya katapila, ndipo chimene chinatonthoza mabanja otere ndi chakale chomwe chija, chakuti tsiku loika si lomaliza, lilipo lina m'chilimwe.

Tsopano katundu, pamene chibale chonse chimayesedwa. Kale nkhaniyi inali yaing'ono. Nyumba ya malemu, ya mitengo ndi dothi, inkagwetsedwa, ndipo zotsala zinali khasu, nkhwangwa ndi mbuzi zingapo. Nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata saigwetsa. Palinso ngolo ndi ng'ombe zake, chigayo, njinga yamoto ya kabaza, sitolo pa Nsaru, ndalama za penshoni. Lamulo la 1967 la za wilo ndi chuma cha masiye linkati mwamuna wa m'maboma a chikamwini akafa osalemba wilo, mkazi, ana ndi ena omudalira atenge magawo 2 mwa 5, magawo 3 otsalawo apite kwa olowa m'malo malinga ndi mwambo. Boma lenilenilo linkavomereza kuti abale ndi oposa ana. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano, Deceased Estates Act, limene linatembenuza zinthu. Chuma tsopano ndi cha mkazi, ana ndi amene ankadalira malemu. Ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wamasiye. Ana onse ndi ofanana, kaya anabadwira m'banja kaya kunja, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wokalowa nawo kundende.

Lamulo lilipo, koma ku Boma nkutali, pamene msonkhano wa pa kusesa uli pakhomo pomwepo. Mkazi wa chitengwa ndiye amakhala pamoto kwambiri. Munda ndi nyumba zili pa nthaka ya mbumba ya mwamuna wake, ndipo ana ake, potsata mwambo, kwawo ndi kumene iye anachokera, kumene mwina minda inagawidwa kale iye kulibe. Ana oterewa amatha kupezeka opanda malo mbali zonse ziwiri: kuchimuna akuti pitani kwanu, kuchikazi akuti munali kuti. Lamulo la malo la 2016 linatsegula mwayi woti anthu alembetse malo awo a makolo, koma ntchitoyo sinafike mudzi uliwonse. Apa abale nawonso tiwachitire chilungamo. Munda umene bamboyo ankalima anaupeza kwa amayi ake, ndipo ana a alongo ake akuuyembekezera monga iye anauyembekezera. Sakuba ayi, akutsata chimene anachipeza. Chimene sichili chawo ndi chimene malemu anachipeza ndi thukuta lake pamodzi ndi mkazi wake: malata, chigayo, ng'ombe zogula ndi ndalama za fodya amene mkaziyo ankasoka usiku. Mfumu yanzeru imasiyanitsa ziwirizi, ndipo imasiyanso wamasiye ndi ana ake kuti azilima pomwe ankalima. Mfumu yamantha imangoti za pabanja zithere pabanja, ndipo zikathera pabanja wolira amakhala wamasiye.

Ine ndikuona kuti palibe chifukwa cholanda maliro m'manja mwa abale a bambo. Manda ndi awo, mfumu ndi yawo, adzukulu ndi awo, ndipo mwana wa m'tauni amene angayese kuika bambo ake popanda iwo adzazindikira msanga kuti ndalama siikumba dzenje. Koma nthawi yoti ana azikhala alendo pa maliro a bambo amene anawalera inatha. Mafumu athu a kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwina konse, pa mndandanda wa olankhula muziikapo mwana mmodzi wa malemu, wamwamuna kapena wamkazi, anene yekha za bambo ake, ngakhale phungu achepetsedwe nthawi. Nkhani ya katundu isamakambidwe wamasiye ali yekha m'siwa, ankhoswe ake kulibe.

Ndipo inu abambo amene mukadali moyo, mkangano umenewu mungauthetse ndinu. Itanani ana anu ndi alongo anu pamodzi, muwauze kumene mukufuna kukagona, amene adzakuperekezeni, mpingo kapena gule, ndi munda umene uli wa mbumba ndi umene munagula nokha. Kunena za imfa sikuitana imfa. Za katundu musangozinena pakamwa. Wilo imafuna pepala lolembedwa, siginecha yanu ndi mboni ziwiri zoona mukusaina.